Wodwala Asakhale Yekha: Foni, Mphakati ndi Matenda a Multiple Sclerosis

Amayi a m'bungwe lathu sitichita kuphunzitsidwa kuzonda odwala. Mnzathu akagonekedwa ku Bwaila kapena ku Central timasonkherana, wina aphika phala, wina anyamula fulasiki ya tiyi, ndipo nthawi yoonera odwala ikamakwana timakhala tili kale pageti. Matenda omwe tinawazolowera ali ndi mathero ake: munthu amachira n'kubwerera kunyumba, apo ayi timakakhala pamaliro. Koma alipo matenda ena omwe sachoka, komanso satenga munthu msanga. Amakhala naye zaka 20, mwina 30 kapena kuposa apo. Pa matenda oterewa ozonda amachuluka mwezi woyamba, koma pakatha miyezi ingapo njira yopita kunyumbako imayamba kumera udzu.

Phunziro la mwezi uno likunena za matenda amodzi mwa amenewa, otchedwa multiple sclerosis, mwachidule MS. Alibe dzina la Chichewa chifukwa ndi osowa kwathu kuno. Tawasankha dala. Wodwala matenda osowa sapeza mnzake wofanana naye m'Chilinde monse, ndiye masiku ano ambiri amakafuna anzawo pa foni. Tiona zomwe amapezako, misampha yomwe ili kumeneko, ndi gawo lomwe limatsalira ife oyandikana naye. Zambiri mwa izi zigwiranso ntchito kwa wodwala sitiroko, khunyu, kapena amene anafa miyendo chifukwa cha ngozi.

1. Kodi MS ndi matenda anji?

Ubongo umalamula thupi potumiza mauthenga kudzera m'mitsempha yomwe imadutsa m'kati mwa fupa la msana n'kufalikira m'thupi lonse. Mitsempha imeneyi ili ngati waya wa magetsi. Waya amakhala wokutidwa ndi pulasitiki kuti moto uziyenda bwino osatayika panjira. Nayo mitsempha ili ndi chokutira chake chotchedwa myelin. Mwa wodwala MS, chitetezo cha m'thupi, chomwe ntchito yake n'kulimbana ndi tizilombo, chimasokonezeka n'kuyamba kudya chokutirachi mu ubongo, mumsana ndi m'mitsempha ya maso. Pamalo podyekapo pamatsala chipsera, ndipo uthenga ukafika pamenepo umachedwa kapena sudutsa n'komwe. Mwendo umakhala wabwinobwino, koma sukumva zomwe ubongo ukunena.

Dokotala wa ku France, Jean-Martin Charcot, ndi amene anawafotokoza bwino matendawa m'chaka cha 1868. Komabe akatswiri ena amaganiza kuti Lidwina Woyera wa ku Schiedam, m'dziko la Netherlands, amene anakhala kuyambira 1380 mpaka 1433 ndipo anadwala zaka zoposa 30, ayenera kuti ankadwala matenda omwewa.

Bungwe la MS International Federation linapeza m'chaka cha 2020 kuti padziko lonse pali anthu pafupifupi 2.8 miliyoni odwala MS. Mwa odwala atatu aliwonse, awiri ndi amayi. Matendawa amakonda kuyamba munthu ali ndi zaka zapakati pa 20 ndi 40, nthawi yomwe mayi ali ndi ana aang'ono, geni ili pakalapakala, banja likudalira mphamvu zake.

Tigwire mfundo zitatu izi. Choyamba, MS si yopatsirana: simungaitenge podyera mbale imodzi, pochapa zovala za wodwala kapena pogona naye. Chachiwiri, mayi wodwala MS angathe kutenga pathupi n'kubereka, ndipo ana ambiri a makolo odwala MS sadwala matendawa. Chachitatu, mankhwala ochiziratu sanapezeke, koma alipo ochepetsa mphamvu ya matendawa, ndipo odwala ambiri amafika pokalamba.

Chomwe chimasokoneza chitetezo cha m'thupi ndi zinthu zingapo zophatikizana. Kusuta fodya, kunenepa kwambiri paubwana ndi kuchepa kwa vitamini D m'thupi zimawonjezera chiopsezo. Kafukufuku wa yunivesite ya Harvard, amene anatuluka m'chaka cha 2022 ataunika asilikali a ku America oposa 10 miliyoni, anaonetsa kuti kachilombo kotchedwa Epstein-Barr kali ndi gawo lalikulu poyambitsa MS. Kachilomboka pafupifupi tonsefe tinakatengapo tili ana, koma ndi ochepa zedi omwe amadwala nako MS.

2. Zizindikiro zake

Zizindikiro zimatengera malo omwe chipsera chagwera, n'chifukwa chake odwala awiri safanana. Zodziwika kwambiri ndi izi:

- diso limodzi kuchita chifunga ndi kuwawa politembenuza, kapena kuona zinthu ziwiriziwiri;
- dzanzi m'manja, m'miyendo kapena kumaso, lotenga masiku osachoka;
- kufooka kwa mwendo, kuukoka poyenda, kudzandira ngati woledzera;
- chizungulire ndi kunjenjemera kwa manja;
- kulephera kugwira mkodzo, kapena mkodzo kukanika kutuluka wonse;
- kutopa koopsa kosagwirizana ndi ntchito yomwe munthu wagwira;
- kuiwalaiwala ndi kukhumudwa.

Kwa odwala ambiri, pafupifupi 85 mwa 100 aliwonse, matendawa amayamba mobwera n'kupita. Mayi amadwala masabata angapo, kenaka amapeza bwino miyezi kapena zaka, matenda n'kudzabweranso pamalo ena a thupi. Kwa ena, kufooka kumangowonjezereka pang'onopang'ono osabwerera m'mbuyo.

Kutentha kumadzutsa zizindikiro. Dzuwa la mu Okutobala, kukhala pafupi ndi mbaula, kusamba madzi otentha kwambiri, kapena thupi kutentha chifukwa cha malungo kapena matenda a m'chikhodzodzo, zonsezi zingachititse mayi amene m'mawa amayenda bwino kulephera kudzuka masana. Thupi likazizira amapezanso bwino. Amene sadziwa izi amati akunamizira.

3. Kodi kwathu kuno aliko?

MS ndi yofala kumaiko ozizira monga Canada, Britain ndi maiko a kumpoto kwa Ulaya. M'zaka za m'ma 1960, dokotala Geoffrey Dean anafufuza ku South Africa n'kupeza kuti matendawa ankapezeka kwambiri mwa azungu obwera kuchokera ku Ulaya, koma mwa anthu akuda anali osowa zedi. Kwa nthawi yaitali madokotala ankaphunzitsidwa kuti MS ndi matenda a azungu. Masiku ano zadziwika kuti anthu akuda nawonso amadwala. Kwa anansi athu ku Zambia, chipatala cha University Teaching Hospital ku Lusaka chinayamba kuphunzitsa madokotala a ubongo ndi mitsempha m'chaka cha 2018, ndipo chiyambireni akhala akupeza odwala MS omwe kale akanangopatsidwa dzina la matenda ena.

Kupeza MS kumafuna dokotala wodziwa za mitsempha, makina ojambula ubongo otchedwa MRI, ndipo nthawi zina kuyeza madzi a mumsana. Makina oyamba a MRI m'Malawi anaikidwa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre m'chaka cha 2008, ndipo mpaka pano makina oterewa ndi owerengeka. Madokotala a mitsempha nawonso ndi ochepa kwambiri. Motero wodwala angayende zaka asanamve dzina la matenda ake.

Apa amayi timvetsetse bwino. Munthu wa kuno akachita dzanzi kapena kufooka miyendo, kawirikawiri si MS. Pali matenda ena ofala kwathu omwe amaoneka chimodzimodzi: sitiroko, TB ya fupa la msana, likodzo lomwe lafika mumsana, chindoko chokhalitsa, shuga, HIV, ndi kuchepa kwa vitamini B12. Ambiri mwa amenewa ali ndi mankhwala, ndipo ena amachizika munthu akafulumira. Wina akachedwa kunyumba chifukwa wawerenga pa foni n'kudzigamula yekha kuti ali ndi MS, angafe miyendo ndi matenda omwe akanachizidwa. Dzina la matenda limachokera kuchipatala. Ndipo ngati nkhope yapindika mwadzidzidzi, dzanja lafooka, kapena mawu asokonekera, tisadikire kuti kuche: n'kutheka kuti ndi sitiroko, tithamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

4. Chifukwa chomwe wodwala amasungulumwira

Tiyerekeze mayi wa zaka 30 zakubadwa, wa ana atatu, wogulitsa mandasi pamsika wa Chilinde. Wayamba kugwetsa mbale, akuyenda modzandira. Anzake akunong'onezana kuti wayamba kachasu. Mwezi wamawa wapeza bwino, apongozi ake akuti: "Mwaona, unali ulesi." Matenda akabweranso, achibale akuti walodzedwa, ndipo mpamba wa geni ukuthera kwa asing'anga. Chifukwa choopa kudzikodzera pagulu, wasiya kupita ku banki mkhonde, ku kwaya, ngakhale ku Misa. Palibe amene wamuthamangitsa, koma wapezeka ali yekha m'nyumba.

Kusungulumwa kwake kuli pawiri. Mbali yoyamba ndi ya thupi: njira za m'makwalala mwathu n'zokumbikakumbika, m'dzinja ndi matope okhaokha, chimbudzi chili panja, madzi ali ku kiyosiki, ndipo kukwera kabaza kumafuna miyendo yogwira. Mbali yachiwiri ndi ya mumtima: palibe amene amamukhulupirira. Wodwala HIV ali ndi magulu othandizana pafupifupi pachipatala chilichonse. Wodwala shuga akapita ku kiliniki amapeza anzake pabenchi. Wodwala MS angathe zaka zonse osakumana ndi munthu wina wonena kuti, "Inenso ndimamva chomwecho." Madokotala amati kukhumudwa kwakukulu kumagwira pafupifupi theka la odwala MS panthawi ina m'moyo wawo.

5. Momwe odwala anayambira kupezana

Vuto limeneli si lachilendo. M'chaka cha 1945, mayi wina wa ku New York, Sylvia Lawry, anali ndi mlongo wake wodwala MS, ndipo madokotala analibe chomuuza. Iye anaika kachilengezo kakang'ono m'nyuzipepala kopempha aliyense amene anachirapo matendawa kuti amulembere. Anthu pafupifupi 50 anamuyankha, koma sanali ochira ayi: anali odwala ndi achibale awo, nawonso ofuna thandizo. Mayiyu anaona kuti anthuwa akufunika kudziwana. M'chaka cha 1946 anayambitsa bungwe lomwe lero likutchedwa National Multiple Sclerosis Society, ndipo mu 1967 anathandiza kukhazikitsa mgwirizano wa mabungwe oterewa padziko lonse. Mankhwala sanawapeze, koma anapezetsa odwala anzawo. Paja akulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Ntchito yomwe inagwira nyuzipepala nthawi imeneyo, lero ikugwiridwa ndi foni. Pa Facebook ndi pa WhatsApp pali magulu a odwala MS ndi owasamalira. Mabungwe monga MS Society ya ku Britain ndi Multiple Sclerosis South Africa ali ndi masamba awo a pa intaneti komwe amafotokoza za matendawa. Chaka chilichonse pa 30 Meyi dziko lonse limakumbukira tsiku la MS, ndipo kwa zaka zingapo kuyambira 2020 mutu wake unali wa kulumikizana, pofuna kuthana ndi kusungulumwa komwe tafotokozaku.

6. Zomwe wodwala amapeza pa foni

Choyamba, amapeza omukhulupirira. Akanena kuti wadzuka atatopa ngati walima tsiku lonse, safunsidwa kuti wagwira ntchito yanji. Kwa munthu amene wakhala akutchedwa waulesi, zimenezi ndi mankhwala pazokha.

Chachiwiri, amapeza nzeru za tsiku ndi tsiku zomwe dokotala alibe nthawi yofotokoza: kugwira ntchito zolemera m'mawa kukadali kozizira, kuphika atakhala pansi, kuika kansalu konyowa pakhosi kukatentha, kugawa zochapa masiku awiri, kupita kuchimbudzi asananyamuke ulendo, ndi kulemba m'kope tsiku lomwe chizindikiro chilichonse chinayamba kuti akamuonetse dokotala.

Chachitatu, amapeza malo ofunsira mafunso a manyazi. Nkhani za mkodzo, za kudzimbidwa, za kuchipinda, mayi sangazinene pamaso pa apongozi kapena pamsonkhano wa mphakati. Kwa anzake odwala amazinena momasuka.

Chachinayi, foni siyang'ana nthawi kapena nyengo. Usiku ululu ukakana tulo, kapena mvula ikatseka njira, anzake amakhala alipo. Amene manja amanjenjemera kapena maso sakuona bwino angathe kutumiza uthenga wa mawu m'malo molemba.

Chomaliza, amapeza mpata wothandiza ena. Munthu amene wakhala akungolandira, tsiku lomwe alimbikitsa mnzake amene wangouzidwa kumene za matendawa, amadzimvanso kuti ndi wofunika.

7. Misampha yake

Kumene kwasonkhana anthu ovutika, akuba nawonso amafikako. Tiphunzire kuwazindikira kuti tithe kuchenjeza odwala athu.

Ogulitsa machiritso. Aliyense wonena kuti ali ndi mankhwala ochiziratu MS, kaya ndi zitsamba za m'botolo, ufa wochokera kunja, kapena chipatala chakutali chofuna ndalama zambiri, akunama. Popeza matendawa amabwera n'kupita okha, wogulitsa savutika kupeza mboni yonena kuti inachira. Mankhwala ovomerezeka m'dziko muno amalembetsedwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, ndipo madokotala enieni amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi. Botolo lomwe akuti limachiza shuga, khansa, HIV ndi MS nthawi imodzi tilikayikire. Wina aliyense, ngakhale atabwera m'dzina la mapemphero, akauza wodwala kuti asiye mankhwala akuchipatala, ameneyo si mnzake.

Akuba ndalama. Ena amadzitcha mabungwe othandiza odwala, n'kupempha kandalama kolembetsera kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba. Bungwe lenileni lothandiza silipempha wodwala kuti ayambe walipira. Nambala yachinsinsi ya foni sitipatsa munthu aliyense, ngakhale atati akuimba kuchokera ku kampani.

Kugawana mankhwala. Zomwe zathandiza wina zingapweteke wina. Mankhwala a gulu la steroid, omwe madokotala amapereka kwa masiku ochepa matenda akabuka, amakweza shuga ndi BP, amafooketsa mafupa ndi chitetezo cha m'thupi ngati munthu akungomwa yekha. Zomwe wamva pa gulu akazifunse kwa dokotala wake.

Kutaya mtima. Magulu ambiri ndi a Chingerezi, ndipo anthu ake amakhala kumaiko olemera. Amakamba za mankhwala odula ndi zojambulitsa za chaka ndi chaka, pomwe wathuyu akusowa ya minibasi yopitira ku Central. Ena amaika zithunzi za odwala ovutikitsitsa, woona n'kumaganiza kuti nayenso mathero ake ndi omwewo. Tiziwakumbutsa kuti matendawa sayenda mofanana mwa anthu onse. Komanso zinthu zikusintha: m'chaka cha 2023 bungwe la World Health Organization linaika kwa nthawi yoyamba mankhwala atatu a MS pamndandanda wa mankhwala ofunika omwe maiko onse ayenera kuyesetsa kukhala nawo. Mankhwalawa ndi cladribine, glatiramer acetate ndi rituximab. Gulu lomwe munthu akaliwerenga amagona ndi mantha, ndi bwino atulukemo.

Kuulula zinsinsi. Chomwe chalembedwa pa gulu chingathe kujambulidwa n'kutumizidwa kwina. Wodwala asaike makalata akuchipatala, chiphaso cha unzika kapena zithunzi za ana ake pa gulu la anthu osawadziwa. Nkhaniyi ikutikhudza ifenso. Tili ndi chizolowezi chojambula wodwala ali pamphasa n'kutumiza pa gulu la mphakati kuti timupempherere. Cholinga n'chabwino, koma tinamupempha mwiniwakeyo? Matenda a munthu ndi ake, ndipo wonena ndi iye. Tidziwenso kuti kuyambira 2016 dziko lathu lili ndi lamulo loona za pa intaneti, lomwe limaletsa kuzunza ndi kuopseza munthu kudzera pa foni kapena kompyuta.

8. Gawo lathu ngati bungwe la amayi

Foni singatunge madzi. Singatembenuze wodwala pamphasa kuti asachite zilonda, singasambitse mwana wake, singamuperekeze ku Central. Anzake a pa foni amamumvetsa koma ali kutali, ife tili pafupi koma nthawi zambiri sitimumvetsa. Wodwala akufuna zonse ziwiri, ndipo ntchito yathu ndi kukhala manja ndi miyendo, kwinaku tikuphunzira kumumvetsa. Nazi njira zake.

Timukhulupirire. Mawu akuti "koma mukuoneka bwinotu" timawanena mwachikondi, koma kwa iye amamveka ngati tikumutsutsa. Ndi bwino kufunsa kuti, "Lero thupi likuti bwanji, nanga tikuthandizeni chiyani?" Tisathamangire kumuuza za sing'anga yemwe anathandiza msuweni wathu.

Tigawane masiku. M'malo mopita amayi 15 tsiku limodzi n'kutha miyezi itatu osapitanso, tilembe ndandanda: awiri Lachiwiri, awiri Lachisanu, chaka chonse. Gulu lathu la pa WhatsApp lingatithandize kukumbutsana. Ulendo ukhale waufupi, wa m'mawa kapena madzulo kukazizira, ndipo tizipita ndi ntchito m'manja: ndowa ya madzi, kuchapa, kukolezera moto.

Timuthandize kufika pa foni. Bandulo ndi ndalama, ndipo kwa mayi amene geni yaima ndi ndalama yaikulu. Bungwe lingapatule kangachepe pa thumba la odwala kuti mwezi ndi mwezi tizimugulira. Magetsi akazima, wina amene ali ndi sola amutchajire foni. Ngati Chingerezi chimamuvuta, mtsikana wokhulupirika wa m'gulu la achinyamata, yemwe wodwalayo wasankha yekha, azimuwerengera ndi kumumasulira, podziwa kuti zomwe waona sizituluka pakhomopo.

Tikhale omuunikira. Tigwirizane naye kuti asanatumize ndalama kulikonse, kapena asanayambe mankhwala omwe wawaona pa foni, ayambe wafunsa mmodzi wa ife amene ndi namwino kapena mlangizi wa zaumoyo. Safunsa anadya phula.

Tisamuchotse pamndandanda. Ngati sangathe kufika kumsonkhano, msonkhano upite kwawo, iye akalola. Pena timuimbire foni n'kuika pokweza mawu kuti amve ndi kuyankhulapo. Miyendo ikafooka nzeru sizithera pomwepo: angathe kukhalabe mlembi, msungichuma, kapena woyang'anira gulu lathu la pa foni. Pa tchalitchi tionetsetse kuti pali polowera njinga ya aulumali, benchi yapafupi ndi khomo, ndi chimbudzi chosatseka ndi loko. Tidziwitsenso bambo mfumu ndi atumiki a Ukaristia kuti azimuyendera.

Tikumbukire womusamalira. Kawirikawiri amakhala mwana wamkazi amene wayamba kujomba kusukulu, kapena bambo amene akulimbana ndi ntchito ndi nyumba yekha. Tsiku limodzi pa sabata lomupumitsa lingapulumutse sukulu ya mwanayo, mwinanso banja lenilenilo. Abambo a m'mphakati ayankhule ndi bambo mnzawo, chifukwa amayi ambiri odwala matenda okhalitsa amasiyidwa ukwati.

Tiyambitse gulu lathu. Odwala MS angakhale ochepa, koma m'Chilinde, ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 23 muli anthu ambiri omwe anafa ziwalo chifukwa cha sitiroko, ngozi ndi matenda a msana. Mavuto awo a tsiku ndi tsiku ndi ofanana. Gulu la pa WhatsApp la Chichewa, la odwala ndi owasamalira a m'parishi imodzi kapena ziwiri, lingawathandize kuposa gulu lakutali. Likhale ndi malamulo omveka: munthu alowe mwa kufuna kwake, zapagulu zisatuluke, malonda ndi ndale ayi, pakhale wachipatala mmodzi wowongola zolakwika, ndipo omwe ali ndi foni zamabatani aziimbiridwa kuti nawo asatsalire. Kamodzi pa miyezi ingapo azikumana maso ndi maso.

9. Kokapeza thandizo

Poyambira ndi pachipatala chaching'ono chapafupi, monga cha Kawale, komwe amayeza ndi kulemba kalata yopita ku Kamuzu Central Hospital ngati pakufunika kutero. Wodwala asunge bwino buku lake lakuchipatala ndipo azipita nalo ulendo uliwonse. Apemphe kuonana ndi a mafizo, chifukwa masewera olimbitsa thupi oyenera amathandiza kuti miyendo isaume ndiponso kuti asamagwe. Wofuna uphungu ali pakhomo angaimbe ku Chipatala Cha Pa Foni, ntchito yomwe inayambira ku Balaka m'chaka cha 2011 ndipo pano ili m'manja mwa unduna wa zaumoyo.

Pa nkhani za ndodo, njinga ndi ufulu wa anthu aulumali, pali bungwe la boma lomwe tinkalidziwa kuti MACOHA, lomwe linasintha kukhala MACODA potsatira lamulo latsopano la 2024 la anthu aulumali. Palinso Malawi Against Physical Disabilities, ndi FEDOMA yomwe ndi mgwirizano wa mabungwe a anthu aulumali. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa Amalawi 10 aliwonse a zaka 5 kupita m'tsogolo, mmodzi ali ndi ulumali wa mtundu wina. Ndiye kuti mumphakati uliwonse alimo, ngakhale sitiwaona pamsonkhano.

Wodwala akayamba kunena zoti moyo watopa nawo, kapena zofuna kudzipha, tisazitenge ngati zocheza ndipo tisamukalipire. Tisamusiye yekha, ndipo timuperekeze kuchipatala tsiku lomwelo. Kukhumudwa ndi matenda, ndipo thandizo lake lilipo.

Mafunso okambirana

1. Mumphakati mwathu, ndani amene tinkamuona kale koma anasiya kubwera chifukwa cha matenda okhalitsa? Tinapitako liti komaliza?
2. Ndi mawu ati omwe timanena kwa odwala mwachikondi koma angathe kuwapweteka?
3. Kodi tinalandirapo pa foni uthenga wotsatsa mankhwala ochiza matenda onse? Tinautumiza kwa ena kapena tinaufufuta?
4. Gulu lathu la pa WhatsApp lili ndi lamulo lanji pa nkhani ya zithunzi ndi maina a odwala?
5. Ndi zinthu ziti pa tchalitchi chathu zomwe zimalepheretsa munthu woyenda movutika kufika?

Ntchito ya mwezi uno

Mphakati uliwonse usankhe amayi awiri oti ayendere odwala matenda okhalitsa a m'dera lawo ndi kuwafunsa zomwe akufuna, kuphatikizapo ngati angakonde kulumikizana ndi anzawo pa foni. Maina asungidwe ndi wapampando yekha, ndipo alembedwe pokhapokha mwiniwake walola. Pamsonkhano wa mwezi wamawa tidzabwere ndi ndandanda ya maulendo ya miyezi itatu, ndi ganizo la ndalama yomwe tingapatule mwezi uliwonse ya bandulo ndi thiransipoti ya kuchipatala. Ndandandayi tidzaiunikenso pa 11 Febuluwale, Tsiku la Odwala Padziko Lonse, ndi pa 30 Meyi, kuti tione ngati tikupitabe.